Mbuna kapena dimba la m'madzi: sankhani chimodzi, achimwene

Achimwene ena a ku Rosettenville, mu Johannesburg muno, anditumizira imelo. Akuti anagula thanki yagalasi yosungiramo nsomba ya malita 100, anathiramo dothi lakuda lija la m'matumba, anadzala kachomera koyanga pansi kotchedwa Monte Carlo kuti pansi ponse pakhale kapinga wobiriwira ngati wa pa YouTube, kenako anaikamo mbuna 8 kuti azikumbukira kwawo ku Nkhata Bay. Pasanathe milungu iwiri zomera zikuyandama, madzi ali bii, ndere zagwira galasi. Ndiye akufunsa kuti agule feteleza uti, kapena mwina botolo la CO2, mpweya wokulitsa zomera.

Musagule chilichonse mwa ziwirizo, achimwene. Ndalamayo ikhale kaye m'thumba.

Funso ili limandiwawa. Inu mulibe mlandu, wolakwa ndi amene anakugulitsani dothi, kapinga ndi mbuna tsiku limodzi n'kukhala duu osanena kanthu. Aliyense amene anasungapo mbuna ngakhale kwa mwezi umodzi amadziwa kuti izi ndi nsomba za m'miyala. Mukamira m'madzi ku Cape Maclear, pafupi ndi chilumba cha Thumbi, pansi mumaona miyala yokhayokha, ndipo mbuna zimakhala zikupala ndere pamiyalapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndere ndiye chakudya chawo. Yaimuna ikafuna malo ake imatapa mchenga m'kamwa, kukaulavula pambali, kubwerera, kutapanso, mpaka dzenje litafika pagalasi la pansi. Monte Carlo mizu yake ndi yaifupi, yosalimba, ndipo amafuna milungu ingapo osamugwedeza kuti agwire. Kumudzala mu thanki ya mbuna n'chimodzimodzi kufesa mpiru m'khola la mbuzi.

Zithunzi zimene zinakukopanizo ndi za kalembedwe ka malemu Takashi Amano wa ku Japan, amene anamwalira mu 2015. Taziyang'anitsitsani bwino. Nsomba zake ndi tinsomba ting'onoting'ono tosakumba pansi, limodzi ndi tinkhanu todya ndere. Madzi ake ndi ofewa, getsi lamphamvu, CO2 akulowa tsiku lonse, ndipo mwiniwake amameta zomera ndi sizasi mlungu uliwonse. Dothi lakudalo analipangira ntchito imeneyo: limatsitsa pH (mulingo wa asidi m'madzi: nambala ikatsika, asidi wachuluka) kufika cha pa 6.5 kapena kutsikirapo, ndipo m'milungu yoyamba limatulutsa amoniya. Madzi a m'Nyanja ya Malawi pH yake imakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6. Ndiye mwalipira ndalama zambiri kugula chinthu chochotsa m'madzi zimene nsomba zanu zikufuna, pomwe madzi apampopi a Johannesburg, amene bungwe la madzi la Rand Water limatunga ku Vaal Dam, pH yake imakhala kale cha pa 8. Mbuna zikanakhala mosangalala m'madzi omwewo popanda kuwonjezera kanthu.

Kupatula chinthu chimodzi, ndipo apa ndipatukepo pang'ono chifukwa anthu ambiri akuphera nsomba pamenepa. Kumudzi tinazolowera kuti madzi apampopi ukawagoneka m'chidebe usiku wonse, klorini amauluka. Kuno sizitheka. Rand Water imagwiritsanso ntchito chloramine, yemwe ndi klorini wolumikizidwa ndi amoniya dala kuti asathe msanga m'mapaipi aatali, ndipo sauluka ngakhale chidebecho chikhale masiku atatu. Amaotcha makha a nsomba, amaphanso mabakiteriya a mu fyuluta. Pamafunika mankhwala olembedwa kuti amachotsa chloramine, osati klorini yekha. Prime wa Seachem, mwachitsanzo, ndi mamililita 5 pa malita 200. Ndipo madzi akabwera atasowa masiku angapo, monga zikuchitikira m'madera ambiri masiku ano, musathire oyambawo mu thanki. Asiyeni atayike mpaka matope atatha, ndipo tsiku limenelo musasinthe madzi n'komwe.

Za CO2 ndikanakana ngakhale mukanakhala opanda mbuna. Munthu amene wangoyamba kumene asayambire pamenepo, ndipo pa mfundo iyi sindisuntha. CO2 sachiritsa ndere. Amangofulumizitsa chilichonse, chabwino ndi choipa chomwe. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, moti madzi a kuno amasunga okosijeni wocheperapo ndi gawo limodzi mwa magawo 5 poyerekeza ndi a ku Durban. Muikepo madzi ofunda, nsomba zambiri, CO2, kenako magetsi azime fyuluta n'kuima: m'mawa mukazipeza zonse zili pamwamba, kukamwa yasa. Amene amapanga CO2 wa yisiti ndi shuga m'botolo la zakumwa ndiye ali pangozi yoposa, chifukwa yisiti sadziwa kuti Eskom yazimitsa magetsi, amangopitiriza kuwira.

Magetsi akazima kwa maola awiri palibe chodetsa nkhawa. Akapitirira maola anayi, chofunika kwambiri ndi kapampu ka mpweya koyendera mabatire, osati getsi. Zomera zimapirira mdima masiku atatu. Nsomba musazipatse chakudya tsiku limenelo. Fyuluta yotseka ija ya pansi pa kabati ikaima maola ambiri, madzi a mkati mwake amaola, choncho ikhuthulireni m'chidebe musanaiyatsenso. Mu June ndi July, pomwe usiku kumazizira mpaka chisanu kugwa, funditsani thanki bulangete. Hita ikhale ya wati imodzi pa lita imodzi, ndipo m'chipinda chakuseri chopanda siling'i onjezerani theka, kuti madzi akhale pa madigiri 24 mpaka 26.

Wina adzakuuzani kuti ndere zimatha ndi zomera zoyandama. N'zoona ndithu, chifukwa zimamwa mwamsanga nitrate, amene ndi chakudya cha ndere, ndi kutchinga kuwala. Koma samalani zimene mukulandira m'manja mwa anzanu. Namasupuni, yemwe uja anavutitsa mumtsinje wa Shire, ndi woletsedwa kusunga mu South Africa muno, chimodzimodzi water lettuce, Kariba weed ndi parrot's feather. Amene anafikako ku Hartbeespoort Dam anaona madzi atasanduka bwalo lobiriwira, ndipo zotere zimayamba ndi munthu mmodzi wotaya zomera mumtsinje. Zimene mwadula mu thanki ziumitseni padzuwa, muzitaye m'bini.

Ndiye mutani?

Ngati mtima uli pa mbuna, thanki ya malita 100 yachepa. Pamafunika ya malita 200 kupita m'mwamba, yotalika masentimita 120, apo ayi yaimuna yamphamvu idzathamangitsa zinzake mpaka kuzipha. Yotereyo ikadzaza, pamodzi ndi miyala, imalemera pafupifupi makilogalamu 300, tsono tebulo la TV silingathe. Dothi lichoke lonse. Miyala ikhale pansi penipeni, pa pepala la polystyrene, mchenga ubwere pambuyo. Mukasanjika miyala pamwamba pa mchenga, nsomba ikakumba pansi pake mulu wonse umagumukira pagalasi. Mchenga wosefera madzi a maswimming pool ndi wabwino ndiponso wotchipa, masentimita 3 akwana, koma muutsuke mpaka madzi ayere.

Zomera zimene zimapirira mbuna ndi zochepa. Anubias ndi Java fern masamba ake ndi olimba, nsomba zimangolawa n'kusiya. Izi sizidzalidwa: tsinde lake lopingasa lija mukalikwirira limaola. Limateni pamwala ndi kadontho ka super glue wa gel, kapena limangeni ndi ulusi wowedzera, pamalo pamthunzi. Vallisneria, amene amamera kale m'malo osaya a m'nyanja yathu, mumudzale mu kamphika kadothi ndi kam'bulu kamodzi ka feteleza pamizu, pamwamba n'kupsinja ndi timiyala tokula kuposa kamwa la nsomba. Musamuthire mankhwala aja otchedwa liquid carbon, amamusungunula masamba. Pa nsombazo, Labidochromis caeruleus wachikasu uja, wa kwanu konko cha ku Nkhata Bay, ndiye wofatsirako. Chakudya chikhale cha spirulina, chopangidwa ndi ndere. Nyongolotsi zofiira zija za mufiriji zimazitupitsa mimba.

Ngati mtima uli pa dimba, mbuna zibwezeni kusitolo kapena mupatse wina, dothi likhale. Dzalani mothithikana kuyambira tsiku loyamba, Cryptocoryne, Hygrophila ndi Sagittaria wamfupi m'malo mwa Monte Carlo. Cryptocoryne akayoyoka masamba mlungu woyamba musamuzule, amaphukanso. Getsi liyake maola 6 patsiku pa timer, kutali ndi zenera. Sinthani theka la madzi kawiri pa mlungu kwa mwezi woyamba, kenako gawo limodzi mwa magawo atatu mlungu uliwonse. Nsomba zilowe pakatha milungu 4 mpaka 6, amoniya ndi nitrite, zomwe ndi poizoni kwa nsomba, zikafika pa 0 poyeza madzi, ndipo yambani ndi tinsomba 6 tokha ta mtundu wa tetra.