Zoti "iyi ndi sampulo, sitigulitsa" zinayambira kuti?

Achimwene ena a ku Chirimba andilembera imelo, akuti anapita ku chionetsero cha zamalonda ku Chichiri ndalama zili m'thumba, anaona pampu yothirira ya sola yomwe anaikonda, koma anyamata a pa sitandi anawauza kuti iyi ndi sampulo chabe, lembetsani oda tidzakutumizirani. Ndiye akufunsa kuti msika wanji wokana ndalama, ndipo anayambitsa zimenezi ndi ndani.

Achimwene, nkhani yake tipite nayo ku Germany, mumzinda wakale wa Leipzig. Mzindawu unakhala pamphambano pa misewu iwiri ikuluikulu, Via Regia yochokera kumadzulo kupita chakum'mawa ku Poland, ndi Via Imperii yochokera ku Italy kukafika kunyanja ya Baltic, ndiye aliyense wonyamula katundu ankadutsa pomwepo afune asafune. Cha m'ma 1165 mfumu ya dera la Meissen, Otto, inapatsa Leipzig chilolezo chokhala tauni komanso chochititsa misika. Misika ikuluikulu inali iwiri pachaka, wa nthawi ya Pasaka ndi wa kumapeto kwa September, wachitatu wa chaka chatsopano unabwera mu 1458.

Koma chimene ine chimandigwira mtima ndi kalata ya mu 1268. Mfumu Dietrich wa ku Landsberg analamula kuti wamalonda aliyense wobwera ku Leipzig atetezedwe iye ndi katundu wake, ngakhale zitakhala kuti mfumu ya kwawo ili pankhondo ndi iyeyo. Taganizani nthawi imeneyo, misewu yodzadza ndi achifwamba, mafumu akungomenyana, wina n'kunena kuti ndewu zathu n'zathu koma wa geni musamukhudze. Munthuyu ankadziwa kuti msika umayamba ndi mtima wa wogulitsa kukhala m'malo.

Kenako panabwera kukondera ndithu, tisabise. Mu 1497 mfumu yaikulu Maximilian I inatsimikiza misika itatu ija, ndipo mu 1507 inawonjezera kuti pamtunda wa makilomita oposa 100 kuzungulira Leipzig pasakhale tauni ina yochititsa msika waukulu ngati umenewu, ndipo katundu wodutsa m'deralo azitsitsidwa kaye ku Leipzig n'kuikidwa pamalonda. Matauni ngati Halle, Erfurt ndi Magdeburg zinawapweteka zedi.

Nthawi yonseyi msika unali weniweni wa patse patse, ndalama uku katundu uku. Nsalu, zikopa, mabuku, zitsulo, zonse zinkabwera pangolo za mahatchi. Mpaka pano pali bwalo lina lotchedwa Barthels Hof la m'zaka za m'ma 1700, lomwe lili ndi zipata ziwiri kuti ngolo ilowe mbali ino, itsitse, n'kutulukira mbali inayo osavutika kutembenuka, ndipo m'mwamba mukuonekabe mitanda yomwe ankakokerapo mabelo ndi chingwe kukawasunga kudenga. Msewu wa Brühl unatchuka dziko lonse ndi zikopa zaubweya, amalonda ambiri achiyuda ochokera ku Poland ndi Russia ankafikira kumeneko.

Apa ndiye pakubwera yankho lanu. Mafakitale atayamba, katundu anayamba kutuluka wofanana ndendende, kapu ya nambala 1 ndi ya nambala 5000 osasiyana, komanso njanji inafika, ya Leipzig kupita ku Dresden inatha mu 1839. Ndiye ogulitsa zinthu zosweka ngati mbale zadothi, magalasi ndi zidole anayamba kudzifunsa kuti tikuvutikiranji kunyamula mabokosi onsewa, ena kusweka panjira ena kubwerera nawo osagulidwa, pomwe titha kubweretsa imodzi, wogula aione, aigwire, alembetse kuti ndikufuna zakuti, ife n'kumutumizira pasitima kuchokera kufakitale. Mu 1895 Leipzig inachititsa chionetsero choyamba cha masampulo okhaokha, ndipo mizinda ina inatengera pomwepo. Chizindikiro cha chionetsero cha Leipzig cha ma M awiri osanjikizana anachijambula mu 1917 ndipo akuchigwiritsabe ntchito.

Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Germany inagawika pawiri, Leipzig inagwera ku East Germany, mbali yachikomyunizimu, komabe kawiri pachaka makampani a kumadzulo ankabwera kudzakumana ndi a mayiko achikomyunizimu, alendo kuchuluka moti mahotela samakwana, mabanja ankapereka zipinda zawo kwa alendo kuti apezeko kangachepe. Germany itagwirizananso mu 1990 chionetsero cha zinthu zonse pamodzi chinatha mphamvu, anasintha n'kuyamba zionetsero za gawo limodzilimodzi, mu 1996 anatsegula malo atsopano kumpoto kwa mzinda, ndipo cha mabuku chimakokabe namtindi wa anthu chaka ndi chaka.

Ndiye anyamata aja sanakuchiteni chipongwe ayi, pampu ija akanakugulitsani ndiye kuti masiku otsalawo akanakhala pa sitandi yopanda kanthu. Koma inunso kudandaula kwanu ndikukumva, chifukwa za oda zimayenda pokhapokha ngati katundu afikadi, ndipo ambiri tikudziwa anthu omwe analipira dipoziti mpaka lero akudikira. Musanatulutse ndalama afunseni komwe kuli shopu yawo mukaione ndi maso, risiti ilembe mtundu ndi kukula kwa pampu yomwe munaiona komanso tsiku lofika, ndipo mufunse ngati masipeya ake akupezeka konkuno.