Aphunzitsi, tsiku limodzi mwa awiriwo mukalithere ku Ostia

Aphunzitsi, ndawerenga funso lanu loti pa ulendo wanu wokayendera malo oyera ku Roma mudzakhala ndi masiku awiri opanda zochita za gulu, ndipo mukufuna kukaona ndi maso anu kumene anthu a chipembedzo chachikunja ankapembedzera pa nthawi imene Chikhristu chinkazika mizu, kuti mukakhale ndi chowafotokozera ophunzira anu. Za viza ndi malo ogona ena akuthandizani kale, choncho ine ndiyankha za malo okaona.

Ambiri akuuzani za Colosseum ndi Pantheon, koma malo awiriwa sakuyankha funso lanu. Colosseum ikuphunzitsani za masewera okhetsa magazi, pamene Pantheon, kachisi wakale wachiroma yemwe kulowa kwake ndi mayuro asanu kapena chapompo, wakhala tchalitchi kuyambira chaka cha 609, moti zambiri zimene mukaone m'katimo ndi maguwa ndi manda a nthawi ya Chikhristu. Ola limodzi likukwanirani.

Tsiku lathunthu mukalithere ku Ostia Antica, mabwinja a mzinda umene unali doko la Roma, pamtunda wa makilomita pafupifupi 25. Sitima imanyamukira pa siteshoni ya Porta San Paolo, pafupi ndi siteshoni ya sitima zapansi panthaka ya Piramide, imayenda ngati theka la ola, ndipo tikiti yake ndi yomwe ija yokwerera basi mumzinda, yosakwana mayuro awiri. Pakhomo ndinalipira mayuro pafupifupi 18. Samalani kuti tsikulo lisakhale Lolemba, chifukwa amatseka.

Ndimakonda Ostia chifukwa kumeneko chipembedzo mumachipeza pakati pa nyumba zogona, mosambira ndi mosungira tirigu, pamene anthu wamba ankachisiya. Akachisi a mulungu wotchedwa Mithras anapezeka oposa 15 mumzinda umodziwo, ndipo onse ndi tizipinda tating'ono tokhala ngati mapanga, tokhala ndi nsanja zokhalapo mbali ziwiri, pamene amuna ochepa ankatsamira n'kumadyera pamodzi atayang'ana chithunzi cha mulungu wawo akubaya ng'ombe yamphongo. Akazi sankalowa m'gululi. Mukafunse kachisi wa Felicissimus, amene pansi pake anajambulapo ndi timiyala magawo asanu ndi awiri amene wolowa m'gululi ankadutsamo, kuyambira la Khwangwala mpaka la Bambo. Mukapitirira mukafika pa bwalo la mulungu wamkazi Cybele, amene ankamutcha Mayi Wamkulu, ndipo cha kumapeto, kumene kale kunali gombe, kuli sunagoge wa Ayuda, mmodzi mwa akale kwambiri ku Europe konse.

Chenjezo langa lalikulu likukhudza otsogolera alendo. Ulendo wanga woyamba ndinalipira munthu wina ndalama zoposa mtengo wa tikiti kangapo, ndipo atatilowetsa m'kachisi wa Mithras anatiuza mosakayika kuti mulunguyu anabadwa kwa namwali pa 25 December, anali ndi ophunzira khumi ndi awiri, ndipo Akhristu anangokopera nkhani yake. Anzathu ena anabwerera mitima itasweka, ena atasangalala, koma onse ananamizidwa. Ziboliboli zakale zimamuonetsa Mithras akutuluka m'thanthwe, ndipo palibe cholembedwa chakale chimene chimamupatsa mayi namwali kapena ophunzira khumi ndi awiri. Choona n'chakuti kalendala ya ku Roma ya chaka cha 354 imaika pa 25 December chikondwerero cha Wosagonjetseka, amene akatswiri ambiri amati ndi mulungu Dzuwa, ndipo buku lomwelo limaikanso kubadwa kwa Khristu pa tsiku lomwelo. Chimene chinayamba pakati pa ziwirizi akatswiri akukanganabe mpaka lero. Inu ndinu mphunzitsi, ndipo bodza limene mungalitole kumeneko lingafike kwa ana ambiri, choncho ndi bwino kuwerengeratu musananyamuke n'kuyenda nokha.

Ku Ostia komweko ndi kumene Monica, mayi wa Augustine Woyera, anamwalirira mu 387 akudikira chombo chobwerera kwawo ku North Africa, ndipo apa ndi pamene nkhani ya filosofi ikulowera. Augustine anavomereza yekha kuti mabuku a otsatira a Plato ndiwo anamuthandiza kumvetsa kuti Mulungu alibe thupi, asanabatizidwe. Mphunzitsi wamkulu wa gulu limeneli anali Plotinus, wochokera ku Egypt, amene anafika ku Roma cha m'ma 244 n'kumaphunzitsa m'nyumba ya mayi wina dzina lake Gemina, mpaka atatsala pang'ono kumwalira mu 270. Iye ankaphunzitsa kuti zonse zimachokera kwa Chimodzi chimene chili pamwamba pa dzina lililonse, ndipo mzimu wa munthu umabwerera kwa icho polowa m'kati mwake mwa iye mwini. Za nsembe analibe nazo chidwi kwenikweni, moti wophunzira wake Amelius atamuitana kuti apite limodzi ku akachisi, anayankha kuti milunguyo ndiyo iyenera kubwera kwa iye. Porphyry, wophunzira wina wa Plotinus amene anasonkhanitsa zolemba 54 za mphunzitsi wakeyo, ankakayikira nsembe za nyama ndipo analemba mabuku 15 otsutsa Akhristu, pamene Iamblichus, wafilosofi wina wa gulu lomweli, ankati maganizo okha sangamufikitse munthu kwa milungu popanda miyambo yopatulika. Mfumu Julian, imene inayesa kudzutsanso akachisi pakati pa 361 ndi 363, inatsata njira ya Iamblichus. Ndikukupemphani kuti mukamawafotokozera ana, musawaike anthuwa m'thumba limodzi ngati ogwadira miyala osaganiza, pakuti ankatsutsana okhaokha pa mafunso omwewo amene Akhristu ankalimbana nawo. Ngakhale dzina loti akunja sanadzipatse okha, anawatcha ndi Akhristu.

Tsiku lachiwiri muyambire ku tchalitchi cha San Clemente, pafupi ndi Colosseum. Pamwamba pali tchalitchi cha m'zaka za m'ma 1100, pansi pake pali china cha m'ma 300, ndipo mukatsikanso mukafika pa nyumba zachiroma ndi kachisi wa Mithras wokhala ndi guwa lake, madzi akumveka kuyenda pansi pa nthaka. Wansembe wa ku Ireland, Joseph Mullooly, ndiye anayamba kufukula malowa mu 1857. Kutsika ndi mayuro khumi kapena chapompo, ndipo ndi bwino kuguliratu tikiti pa intaneti. Zithunzi saloleza kujambula, kachisiyo mumamuonera pakhomo lotchingidwa ndi zitsulo, ndipo masitepe ndi onyowa, choncho ngati muli ndi achikulire a maondo ovuta musawakakamize.

Kuchokera pamenepo mupite ku Forum, bwalo lalikulu la mzinda wakale wa Roma, mukaime pa Curia, nyumba imene aphungu ankakumaniramo. M'menemo munali guwa la mulungu wamkazi wa Chipambano, pamene aphungu ankafukiza lubani asanayambe zokambirana. Mfumu Gratian italichotsa mu 382, Symmachus, mkulu woyang'anira mzinda, analembera Mfumu Valentinian II mu 384 kupempha kuti libwezeredwe, ponena kuti chinsinsi chachikulu chotere munthu sangachifikire podzera njira imodzi yokha. Ambrose, Episkopi wa ku Milan, anamutsutsa ndipo pempholo linakanidwa. Symmachus yemweyo ndiye anasankha Augustine chaka chomwecho kuti akakhale mphunzitsi wa luso la kuyankhula ku Milan, kumene anakakumana ndi Ambrose. Malamulo a Mfumu Theodosius a mu 391 ndi 392 ndiwo anadzaletsa nsembe kotheratu. Curia satsegula masiku onse ndipo si tikiti iliyonse imene imakulowetsani, choncho mufunsiretu pogula.

Musanatuluke mu Forum, yang'anani mzere wa nsanamira umene uli m'munsi mwa phiri la Capitol, umene Praetextatus, mkulu wachikunja woyang'anira mzinda, anaukonzanso mu 367 polemekeza milungu khumi ndi iwiri ya mzindawo. Mwala wa pamanda ake uli ku nyumba zosungiramo zinthu zakale zotchedwa Capitoline Museums, pamwamba pa phiri lomwelo, ndipo pamwalapo mkazi wake Paulina akumuthokoza chifukwa chomuphunzitsa miyambo yopatulika ndi kumupatsa chiyembekezo choti adzakhalabe wake ngakhale atamwalira. Mawuwo ali m'Chilatini, choncho musindikiziretu kumasulira kwake papepala kuti mukawerenge mutaima pomwepo. Ku Ostia ndi ku Forum komwe mithunzi ndi yochepa, ndiye mutenge chipewa, botolo la madzi ndi nsapato zolimba.