Kodi rock and roll anayambitsa ndi Elvis?

Achimwene mwafunsa kuti rock and roll inayamba liti komanso ngati ndi zoona kuti anayambitsa ndi Elvis Presley poti paliponse amamutchula kuti mfumu. Ayi ndithu, Elvis sanayambitse. Luso anali nalo, zimenezo palibe angatsutse, koma iyeyu anapeza nsima itapsa kale, osonkha moto anali anthu akuda a kum'mwera kwa America omwe ankaimba blues ndi nyimbo za mu tchalitchi kalekale iye asanagwire gitala.

Ine ndimayambira kwa mayi wina dzina lake Sister Rosetta Tharpe. Anabadwa mu 1915 ku Arkansas, mayi ake anali mlaliki woyendayenda ndiye anayamba kuimba m'misonkhano yachitsitsimutso akadali kamwana. Mu 1944 anajambula Strange Things Happening Every Day, nyimbo yauzimu koma yoti munthu sungamvere utakhala pansi, moti ena a mu tchalitchi ankamunena kuti akutengera nyimbo za Mulungu kumalo azisangalalo. Kasakeni pa YouTube vidiyo yake ya 1964 ku Manchester, akuimbira pa siteshoni ya sitima yomwe inasiya kugwira ntchito, pansi ponse pali chinyontho cha mvula, iye wavala chikhoti chachitali ndi nsapato za gogoda, gitala yamagetsi ili pamimba, achinyamata achizungu akhala tsidya lina la njanji akuwomba m'manja. Muone m'mene zala zikuthamangira pa nsambo, mumva zonse zomwe anyamata anadzatchuka nazo pambuyo pake. Mayiyu anamwalira mu 1973 ndipo mu Rock and Roll Hall of Fame, momwe amalemekezamo akatswiri a nyimbozi, anamulowetsa mu 2018, zimandiwawa kwambiri zimenezi.

Nyimbo yomwe ambiri amati ndi yoyamba yeniyeni ndi Rocket 88 ya mu 1951. Bandi ya Ike Turner inachokera ku Mississippi kupita ku Memphis kukajambula kwa Sam Phillips, mwini situdiyo yojambulira nyimbo kumeneko, woimba anali Jackie Brenston. Amplifaya ya gitala inali itawonongeka, anangotsekamo mapepala n'kujambula choncho, gitala n'kumamveka mosasa ngati ikukalipa. Kamvekedwe kameneka lero oimba amachita kukagulira zipangizo zodula kuti akapeze.

Chaka chomwecho DJ wina mzungu, Alan Freed, anayamba kuika nyimbo za anthu akuda pa wailesi ku Cleveland n'kumazitchula kuti rock and roll. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo tsankho linali lamphamvu, m'maholo ena kum'mwerako ankamanga chingwe pakati, azungu uku akuda uku. Koma wailesi simungaimangire chingwe, ana achizungu anayamba kumvera usiku makolo atagona, makampani a nyimbo n'kuona kuti apa pali ndalama.

Apa ndi pomwe Elvis akulowera. Mu July 1954 anajambula That's All Right kwa Sam Phillips yemwe uja, nyimbo ya Arthur Crudup, munthu wakuda yemwe anavutika mpaka imfa yake kulondola ndalama za nyimbo zake. Hound Dog yomwe mumaidziwa kuti ndi ya Elvis, Big Mama Thornton anali ataitulutsa kale mu 1953, ya Elvis ndi ya 1956. Little Richard atatulutsa Tutti Frutti mu 1955, mzungu Pat Boone anaiimbanso mofewetsa ndipo yakeyo inakwera pamwamba kuposa ya mwini wake pa tchati cha pop. Elvis sindimuda ayi, iye ankanena yekha kuti nyimbozi anazipeza kwa anthu akuda, olakwa anali makampani ndi mawailesi omwe ankafuna nyimbozo koma nkhope za eni ake osazifuna.

1955 ndi chaka chomwe zinaphulika. Rock Around the Clock ya Bill Haley inafika pa nambala wani itamveka mu filimu, Chuck Berry n'kutulutsa Maybellene ku Chess Records ku Chicago. Kwa ine ngati pali woyenera ufumu ndi Chuck Berry, ankapeka yekha, kuimba yekha, gitala yekha, mawu ake ankakamba za magalimoto, sukulu ndi zibwenzi, zinthu zomwe wachinyamata aliyense ankazimva. Johnny B. Goode ya 1958 mpaka NASA, bungwe la America loona za kumlengalenga, inaiika pa mbale yomwe inatumizidwa kumlengalenga ndi zombo za Voyager mu 1977.

Kenako zinthu zinagwa motsatizana. Little Richard anasiya mu 1957 kupita kukaphunzira za ubusa, Elvis anamutenga ku usilikali mu 1958, pa 3 February 1959 ndege inagwa ku Iowa n'kupha oimba atatu, Buddy Holly, Ritchie Valens ndi Big Bopper, Buddy ali ndi zaka 22 zokha. Alan Freed ntchito inamuthera pa nkhani yolandira ziphuphu kuti aziika nyimbo. Anthu ankati basi yatha.

Inadzukira ku Britain. Anyamata a ku Liverpool ndi London ankasaka mbale za blues zochokera ku America n'kumaphunzira nyimbo iliyonse, ma Rolling Stones dzina lenilenilo analitenga ku nyimbo ya Muddy Waters, woimba blues wa ku America. Ma Beatles ataonekera pa TV ku America pa 9 February 1964 anawaonera anthu pafupifupi 73 miliyoni. Jimi Hendrix nayenso, munthu wakuda wa ku Seattle, anachita kupita ku London mu 1966 kuti atchuke, kwawo anadzamulemekeza atabwerako, mpaka kudzakhala womaliza kuimba pa chikondwerero chachikulu cha nyimbo cha Woodstock mu 1969.

Ndipo musaganize kuti zinathera kunja konko. M'ma 1970 anzathu a ku Zambia anali ndi Zamrock, ma bandi ngati WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, gitala yosasa ija ataisakaniza ndi kaimbidwe kakwathu kuno, ndipo boma la Kaunda litalamula kuti wailesi iziika kwambiri nyimbo za m'dzikomo ma bandiwa anapeza mpata. WITCH inadzukanso, woimba wake Jagari Chanda akuimbabe ku Europe ndi America. Mukamaliza vidiyo ya Rosetta ija mumvere Paul Ngozi, kenako mubwere mundiuze pano m'mene mwamvera.