Kodi ndigule lenzi ina kuti zithunzi zanga zizituluka bwino?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala ku Lizulu m'boma la Ntcheu. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira kamera ya Canon yokhala ndi lenzi ya 18-55mm, ndipo ndikufuna kuyamba kujambula zinkhoswe, maukwati ndi zochitika za kutchalitchi. Vuto ndi lakuti zithunzi zam'nyumba zimatuluka zachimbuuzi, pomwe za panja nkhope za anthu zimada. Anzanga akuti lenzi yobwera ndi kamera ndi yachabechabe, choncho ndikagulitsa kachewere wanga ndigule ina. Kodi nditero?

YANKHO: Bambo, ndalama ya kachewereyo musaikhudze kaye. Mavuto awiri amene mwatchulawo sakuchokera ku kuipa kwa lenzi, ndipo ngakhale mutagula yodula motani, lachiwirilo silingathe.

Tiyambe ndi chimbuuzi cham'tchalitchi. Pa lenzi yanu palembedwa manambala akuti f/3.5-5.6, amene akusonyeza kukula kwa khomo lolowera kuwala, lomwe ojambula amalitcha aperture. Nambala ikakhala yaing'ono, khomolo ndi lalikulu. Mukakhala pa 18mm limatseguka mpaka f/3.5, koma mukakokera chithunzi pafupi kufika pa 55mm limachepa n'kukhala f/5.6, ndipo kuwala kolowa kumachepa ndi kuposa theka. Tsono ambiri ongoyamba kumene amachita manyazi kupita kutsogolo, amaima kumbuyo kwa mabenchi n'kumakoka ndi lenzi, m'nyumba yoti mawindo ake ndi aang'ono kale. Kamera ikaona kuti kuwala kwachepa imachedwetsa shutter, kachitseko kamene kamatseguka n'kutsekeka pojambula, mwina mpaka 1/15 ya sekondi, ndipo pa nthawi imeneyo dzanja lanu lagwedera, mkwatibwi naye watembenuka.

Mankhwala ake ndi miyendo yanu. Pemphani chilolezo kwa abusa kapena akuluampingo mwambo usanayambe, muime pafupi ndi pamene pakuchitikira zinthu, lenzi ikhale pakati pa 18mm ndi 24mm. Kwezani ISO, nambala imene ikakwera kamera imatha kujambula pa kuwala kochepa, kufika 1600, ngakhalenso 3200 ngati kuli mdima kwambiri. Chithunzi chidzakhala ndi timadontho, inde, koma banja lidzalandira chithunzi cha timadontho chimene agogo akuoneka bwinobwino, pomwe chachimbuuzi adzakubwezerani. Ikani kamera pa Tv kuti liwiro la shutter muzisankha nokha: anthu ongoima kapena oyenda pang'onopang'ono asamajambulidwe pa liwiro lochepera 1/125, ndipo pa perekaniperekani kapena pamene amuna akuvina ngoma pamafunika 1/500. Ngati lenzi yanu ili ndi kabatani kolembedwa Stabilizer kayatseni, koma dziwani kuti kamangothandiza pa kugwedera kwa manja anu, sikaimitsa munthu amene akuvina. Zigongono muzizitsamiritsa pa nthiti, ndipo kadontho ka focus, kosankhira pamene payenera kuoneka mwakuthwa, kakhale kamodzi, kolunjika pa diso la munthu. Chenjezo ndi limodzi: pa 18mm musayandikitse kamera kumaso kwa munthu, chifukwa mphuno imatuluka yaikulu ndipo mwini wake sakuthokozani.

Nkhani ya nkhope zakuda ndiyo yofunika kuimvetsa kwambiri kwathu kuno. Kamera imayeza kuwala kwa malo onse amene ikuona, ndiye kumbuyo kwa munthu kukakhala thambo lowala, khoma la laimu kapena diresi loyera la mkwatibwi, iyo imaganiza kuti kuwala kwachuluka n'kudetsa chithunzi chonse, ndipo khungu lathu ndilo limayamba kubisika. Pa kamera yanu pali batani la zizindikiro za + ndi -. Likankheni n'kuwonjezera kuwala kufika pa +1, jambulani, kenaka yang'anani ngati nkhope yaoneka popanda diresi kusanduka chigamba choyera chopanda maluwa ake. Komanso maukwati athu amatuluka m'tchalitchi dzuwa lili paliwombo, nthawi imene maso amalowa mumthunzi wa zikope ndipo aliyense amatsinzina. Musaope kuuza akwati kuti asunthire pansi pa mtengo wa masamba ogwirana kapena pakhonde, nkhope zitayang'ana kumene kukuchokera kuwala. Mwana mmodzi atanyamula nsalu yoyera kapena chipepala chachikulu choyera pafupi ndi chifuwa cha mkwatibwi, kunja kwa chithunzi, amabwezera kuwala kumaso mokwanira. Zithunzi za akwati awiri okha, ngati n'kotheka, zidikire cha m'ma 4 koloko madzulo.

Mwina chimene anzanuwo amasirira ndi zithunzi zija zimene munthu amaoneka bwino koma kumbuyo kwake kuli mbuu. Lenzi yanu ikhoza kuchita zimenezi panja: ikani pa 55mm ndi f/5.6, yandikirani mpaka munthuyo aoneke kuyambira pachifuwa, ndipo iyeyo atalikirane ndi zimene zili kumbuyo kwake. Munthu woima m'mbali mwa munda, mapiri ali kutali uko, amatuluka bwino kuposa wotsamira khoma. Pa chithunzi cha gulu lonse la achibale ikani pa f/8, pamene malenzi otere amajambula mwakuthwa kwambiri, kuti a mzere wakutsogolo ndi wakumbuyo aoneke mofanana.

Mukadzafika poti zonsezi mukuzichita koma mdima wam'tchalitchi ukukugonjetsanibe, pamenepo mudzagule 50mm f/1.8, imene ili m'gulu la malenzi otsika mtengo a Canon ndipo imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi f/5.6. Siikoka chithunzi, ndipo pa kamera yangati yanu imaona mopanikiza, kotero gulu lalikulu m'chipinda chaching'ono silikwanamo. Yakaleyo musadzaigulitse.

FUNSO: Akonzi, ndili ku Dedza ndipo m'nyengo yozizira phiri limakutidwa ndi chifunga m'mawa. Kodi ndizidikira kuti dzuwa lituluke ndisanajambule?

YANKHO: Ayi, tulukani nayo kamerayo. Chifunga cha mu June ndi July chimafewetsa kuwala, chimachotsa mithunzi yolimba pankhope, ndiponso chimabisa zinthu zosafunika kumbuyo, moti mitengo ya paini ya m'phiri la Dedza imaoneka m'mizere yotsatizana. Onjezerani kuwala ndi +1, apo ayi chifungacho chidzatuluka chotuwa. Mukabwerera m'nyumba yofunda kamera ili yozizira, isiyeni m'chikwama kwa kanthawi kuti lenzi isachite thukuta. Ikanyowa, kapena ikachita fumbi m'miyezi ya September ndi October, musaipukute ndi malaya. Uzirani fumbilo ndi kapampu ka mpweya, kenaka mupukute ndi kansalu kofewa kopukutira magalasi a maso.