Amayi ali ndi vuto la bondo, ndikawayendetse kuti kuno ku Joni?

FUNSO: Zikomo achemwali. Ine ndimakhala ku Cosmo City, amayi anga anabwera kuchokera ku Salima kudzaona zidzukulu. Ku kiliniki awauza kuti BP yakwera ndiye aziyendako, koma bondo lakumanja limawavuta, chitunda satha olo pang'ono, komanso mumsewu akuopa magalimoto. Anzanga kuntchito akuti ndipite nawo ku Klipriviersberg kapena Melville Koppies, nanga kumeneko nkwabwino? Ndikufuna malo amitengo, athyathyathya, oti tizungulire nkubwerera pomwe tayambira.
Mayi wa ana awiri, Cosmo City

YANKHO: Amayi muwapatse moni, koma anzanuwo asakupusitseni, malo awiri atchulawo ndi okongola inde koma ndi mapiri amiyala, bondo lodwala likafika kumeneko mubwerako mutawabereka. Komanso Klipriviersberg ili kummwera kwenikweni kwa tawuni, kuchokera kwanuko ndi mataxi angapo.

Joni inamangidwa pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe kunyanja kwathu ndi cha m'ma 500 basi. Ndiye amayi akamawefuka msanga masiku oyamba musadabwe, mpweya kuno ndi wopepuka. Malo athyathyathya muwapeza m'mbali mwa mitsinje, ndipo mitengo yamthunzi imapezekanso komweko.

Ine ndingakutumizeni ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort, mbali yanu yomweyo. Pageti mumalipira, mtengo muyambe mwaona pa intaneti chifukwa umasintha, koma ndalama yakeyo simudandaula. Kuchokera pageti pali njira yokonzedwa bwino, yoti ngakhale wilutcheya imadutsa, imapita mpaka ku mathithi a Witpoortjie omwe madzi ake amagwa kuchokera pamwamba mamita ngati 70, ndipo pathanthwe lomwelo pamakhala ziombankhanga zakuda zija amati Verreaux's eagles, mupeza anthu atakhala ndi makamera akuluakulu akudikira kuti ziuluke, ena amabwereketsa mabainokyula mukawapempha bwino. Mabenchi alipo ambiri, amayi akatopa akhale kaye. Pobwerera mutenge kanjira kena kodutsa m'maluwa kuti muzungulire. Chimodzi chokha: pambali pa mathithi pali masitepe okwera pamwamba, adzukulu adzakakamira, amayi asayerekeze. Kukwera angakwere mokakamiza, koma kutsika ndi komwe kumapha bondo.

Ngati mwezi wafika pakati ndipo thumba lauma, pitani ku Delta Park cha ku Randburg, kulowa ndi ulere. Paki yake ndi yaikulu, mahekitala opitirira 100, muli timadamu ndi mitengo, ndipo m'munsi mwake mumadutsa mtsinje wa Braamfontein Spruit. Kamtunda kaliko pang'ono, ndiye musankhe njira zakumunsi. Agalu ndi anthu anjinga ndi ambiri, muziyenda cha kumbali. Loweruka lililonse 8 koloko m'mawa kumakhala parkrun, yomwe anthu amathamanga kapena kuyenda pagulu makilomita 5, yaulere, ndipo parkrun yoyamba mu South Africa muno inayambira pomwepo mu 2011. Sindikunena kuti amayi akathamange ayi, koma nthawi imeneyo pakiyo imadzaza anthu ndiye mumayenda mtima uli m'malo. Pakati pa sabata awiriwiri m'tchire la m'mbali mwa mtsinje, foni ili m'manja, zimenezo ayi, kuno si ku Salima.

Nyengo yamvula, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, pitani m'mawa chifukwa masana kumagwa mvula yaziphaliwali ndipo mphezi za kuno si zamasewera, kukayamba kugunda musabisale pansi pa mtengo. Madzi akumwa, chipewa, ndipo mukabwerako muonane m'miyendo ngati mulibe nkhupakupa, makamaka ana omwe amagubuduka paudzu.

Tsiku loyamba mphindi 20 zakwana, muziwonjezera pang'onopang'ono, bondo likatupa kapena akamva kupweteka pachifuwa musiye mubwerere ku kiliniki. Nkhondo yeniyeni ikhala ya nsapato, amayi athu mukuwadziwa, adzafuna kupita ndi masilipasi atavala chitenje chatchalitchi. Chitenjecho asiyeni avale, koma mateki muwagulire, olo a pa kaunjika bola akhale okwana bwino ndi sokosi.