Mfuti ya .303 yotsika mtengo: muone chiyani musanalipire?

Funso: Ndimakhala ku Polokwane. M'sitolo ina ya mfuti ndaona Lee-Enfield No. 4 ya .303, yakale ya asilikali, yotchipa ndithu. Kodi ndi yoti nkugula, nanga imavuta pati?

Yankho: Bambo, yambani ndi mapepala. Ku South Africa lamulo la Firearms Control Act la 2000 limafuna chiphaso cha competency (chosonyeza kuti ndinu woyenera kugwira mfuti), kenako laisensi yochokera kupolisi. Mukhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika, wa zaka 21 kupita m'tsogolo. Mfutiyo imatsala kwa wogulitsa mpaka laisensi itatuluka.

Lee-Enfield ndi yolimba, ndipo ndi mtundu womwe asilikali a KAR (King's African Rifles) ankanyamula. Thabwa lokandikakandika lisakudetseni nkhawa. Chimene chimafa ndi mpope. Sololani bolt (chitsulo chokankhira chipolopolo mumpope n'kutseka kumbuyo), musuzumire mkati moyang'ana kowala. Mizere yopota izioneka yakuthwa. Mukaona mkati mwakuda, muli timaenje ta dzimbiri, isiyeni ngakhale atsitse mtengo. Nambala ya pa bolt ifanane ndi ya pathupi pa mfuti, ndipo musanawombe, wokonza mfuti ayeze headspace, mpata wa pakati pa mutu wa bolt ndi pamene chipolopolo chimatsamira mumpope. Mpatawu ukakula, chigoba cha chipolopolo chimatamuka n'kuduka chakumunsi. Pa No. 4 mutu wa bolt umakhala ndi nambala 0 mpaka 3, ndiye nthawi zambiri kuusintha kumathetsa vutolo.

Zipolopolo zakale za asilikali n'zimene zimawononga mfuti zambiri. Zikaphulika zimasiya mchere mumpope, ndipo mafuta okha sauchotsa. Tsiku lomwelo thirani madzi owira kuchokera kumbuyo, pukutani mpaka muume, kenako mafuta. Mukati mawa, mupeza dzimbiri layamba kale. Zina zimachedwanso kuphulika: mfuti ikalira "kha" basi, musatsegule bolt, ilozeni kuchandamale masekondi 30.

Magazini imalowa zipolopolo 10. Chipolopolo cha .303 chili ndi mkombero kumunsi, choncho poika, mkombero wa chapamwamba ukhale kutsogolo kwa wa chapansi. Mukasemphanitsa zimakolana, bolt n'kukana kutseka.

Choonera chachikulu chakumbuyo anachitchera pa mayadi 300, ndiye pa mamita 100 chipolopolo chimagunda pamwamba pa pomwe mwaloza. Si kuti mfuti yapindika. Zipolopolo zikamamwazika, yambani mwamangitsa sikuluwu yaikulu ya kutsogolo kwa magazini, imakonda kukhwefuka.