Simenti ayi pa khoma lakalelo

Achimwene, musapake simenti pa khoma la sitolo yakale mwagula ku Limbe ija. Nyumba zambiri za nthawi ya atsamunda anamanga ndi njerwa zofewa, zolumikiza ndi dothi kapena laimu. Simenti imatsekera chinyezi m'kati, njerwa n'kumafumbutuka kuseri, kenako pulasitala yense amasendeka. Sakanizani ndowa imodzi ya laimu ndi ndowa zitatu za mchenga wosefa, pakani mopyapyala, muziwaza madzi kwa masiku angapo kuti asaume msanga.

Koma yambirani kudenga, chifukwa nyumba zotere zimafera kumwamba. Tsekani modontha, gogodani matabwa onse muone ngati chiswe sichinadye m'kati. Mng'alu ukakhala wolowa chala, itanani injiniya. Musanagumule kalikonse, kafunseni kukhonsolo ya mzinda wa Blantyre.